Ubale wa mizinda pa zachikhalidwe umayenda bwanji, nanga Mangochi abale ake ndi ndani?

Mukafika ku Blantyre m'tauni muli msewu wotchedwa Hannover Avenue, ambiri tadutsamo kambirimbiri tikuthamangira kubanki kaya kukagula zinthu koma sitinadzifunsepo kuti dzinali linabwera bwanji. Hannover ndi mzinda wa ku Germany, ndipo iwo ndi Blantyre anapalana ubale mu 1968, ubale wolembedwa pa pepala ndithu, makhonsolo awiri kusayinirana. Ine nkhani imeneyi yakhala ikundizungulira m'mutu kuyambira tsiku lina madzulo pomwe ndinaima kuonerera anyamata akuyeserera beni kuseri kwa msika kuno ku Mangochi, fumbi lili kobo, wotsogolera ali ndi wezulo pakamwa, malaya a khaki ong'ambika paphewa koma atasitidwa bwinobwino, mamendulo a zitsekerero za mabotolo ali ngwee pachifuwa, ndiye ndinayamba kuganiza kuti gule ameneyu ali ndi abale ake kutali kwambiri, ku Tanzania, ku Kenya, ku Zambia, koma anyamatawa sanawaonepo abalewo ndipo palibe ofesi iliyonse yomwe inaganizapo zowakumanitsa.

Nde ndati ndifotokoze mmene zinthu zimenezi zimayendera, chifukwa tikamva pa wailesi kuti mzinda wakuti wapalana ubale ndi mzinda wakuti, kapena mzinda wakuti wasankhidwa kukhala likulu la chikhalidwe, ambiri timangoti ndi za mabwana zimenezo. Pang'ono ndi zoona, koma si zonse.

Tiyambe ndi ubale wa mizinda iwiri, womwe ndi wakale kwambiri pa zonsezi. Unakula nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, anthu a ku Ulaya atatopa ndi kuphana. Mzinda wa Coventry ku England unaphulitsidwa koopsa ndi mabomba mu 1940, ndiye anthu ake mu 1944 anapalana ubale ndi Stalingrad ya ku Russia yomwenso inasanduka phulusa, kenako mu 1959 anapalananso ndi Dresden ya ku Germany, dziko lomwe linawaphulitsa lomwelo. Ganizo lake linali losavuta, kuti maboma akhoza kudana koma ngati ana asukulu, makwaya, osewera mpira ndi aphunzitsi a mizinda iwiri amayenderana, kugona m'nyumba za anzawo, kudyera mbale imodzi, kumakhala kovuta kuti mawa wina awauze kuti uyo ndi mdani wako. Ku America pulezidenti Eisenhower anayambitsa zofanana nazo mu 1956. Kwathu kuno kupatula Blantyre ndi Hannover, Zomba ili pa ubale ndi Urbana, mzinda wa ku Illinois. Palinso ubale wa Malawi ndi Scotland womwe ndi waukulu kuposa mizinda, unasayinidwa mu 2005 ndi Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, yemwe ankatsogolera boma la Scotland nthawiyo, koma muzu wake ndi wa tauni ndithu, paja Blantyre yathuyi inatengera dzina ku Blantyre ya ku Scotland komwe David Livingstone anabadwira mu 1813.

Mu ubale woterewu mulibe wamkulu woyang'anira ali ku Geneva kaya ku New York ayi. Ndi makhonsolo awiri basi, amagwirizana zomwe akufuna kuchitira limodzi, ena amatenga za madzi ndi zinyalala, ena zozimitsa moto, ena masukulu, ena zaluso. Ndipo chomwe ndaona n'chakuti pepala la meya palokha silisunga ubale. Umasungidwa ndi kagulu ka anthu wamba mbali zonse ziwiri, mphunzitsi wopuma ntchito, mkulu wa kwaya, mayi wina wokonda zisudzo, anthu omwe amalemberanabe ngakhale makhansala asinthe pa chisankho. Kagulu kameneka kakafa ubale umatsala dzina la msewu.

Mtundu wachiwiri ndi wa likulu la chikhalidwe. Uwu unayamba mu 1985, nduna ya zachikhalidwe ya ku Greece, mayi Melina Mercouri, ndi mnzawo wa ku France Jack Lang ndi omwe anabweretsa ganizoli, ndipo mzinda woyamba unali Athens. Chaka chilichonse mzinda umodzi kapena ingapo ya ku Ulaya imapatsidwa udindowu ndipo chaka chonsecho kumakhala zoimbaimba, zisudzo, zionetsero za zojambula, mpaka m'makwalala ndi m'madera osauka omwe. Mizinda imapikisana, imayamba kulemba mapulani zaka 6 nthawi isanakwane, ndipo wopambana amadziwika kukadali zaka 4 kuti akonzeke. Mphoto yomwe European Union imapereka ndi mayuro 1.5 miliyoni, zomwe kwa ife zikumveka zambiri koma pa bajeti ya chaka chonse ndi kadontho, ndalama zenizeni zimachokera ku khonsolo ya mzindawo, boma lawo ndi makampani. Chitsanzo chomwe anthu amakonda kutchula ndi Glasgow mu 1990, mzinda womwe unali utagwa mafakitale opanga sitima zapamadzi atatsekedwa, anthu kumangoudziwa ndi ulova, koma chaka chimenecho chinasintha mmene akunja ngakhale eni ake ankauonera. Ena a komweko anadandaula kuti ndalama zinathera pakati pa tauni, anthu a m'makomboni sanapindule mokwanira, ndipo dandaulo limeneli muzilisunga chifukwa tikumana nalonso kuno kunyanja. Ganizoli linafalikira, China, Japan ndi South Korea kuyambira 2014 aliyense amasankha mzinda wake chaka ndi chaka ndipo mizindayo imasinthana magulu a zaluso ngakhale maboma awo amakokana pa nkhani za nkhondo zakale. Ku Africa kuno bungwe la makhonsolo la UCLG Africa linayambitsa zake ndipo Rabat ya ku Morocco ndi yomwe inayamba mu 2022.

Wachitatu ndi wa UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, ndipo ndi gulu la mizinda ya zaluso lomwe linayamba mu 2004. Apa mzinda umasankha luso limodzi lomwe umadziwika nalo, kaya nyimbo, kaya zolembalemba, mafilimu, zophikaphika, ntchito zamanja ndi zina, nkupempha kulowa. Glasgow inalowa ndi nyimbo mu 2008, Brazzaville ndi nyimbo mu 2013, Hannover yomwe ija ndi nyimbonso mu 2014, Kinshasa mu 2015, Lubumbashi ndi ntchito zamanja chaka chomwecho, Durban ndi zolembalemba mu 2017, Nakuru ya ku Kenya ndi ntchito zamanja mu 2021. Onani Nakuru ndi Lubumbashi, si malikulu a mayiko ayi. Kalata yopempha imasayinidwa ndi meya, imafuna chivomerezo cha komishoni ya UNESCO ya m'dzikomo, ndipo pamafunika pulani ya zaka 4 yosonyeza zomwe muchite kwanuko ndi zomwe muchite limodzi ndi mizinda ina. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti UNESCO sikupatsani cheke mukalowa. Imakupatsani dzina ndi anzanu oti muzigogoda pa zitseko zawo, zina zonse mudzionere nokha, ndipo pakapita zaka 4 mupereke lipoti.

Koma pali mtundu wachinayi womwe kwa ine ndi womwe ukutikhudza kwambiri, ndipo Amalawi tinauchita kale osadziwa kuti tikuchita chinthu chachikulu. Gule Wamkulu analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, ndipo sanalembedwe m'dzina la Malawi yekha, analembedwa m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia limodzi, chifukwa Achewa ali konseko ndipo malire anawapeza ali kale ndi madambwe awo. Sansi kapena kuti mbira inalembedwa mu 2020 m'dzina la Malawi ndi Zimbabwe. Ndipo chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti mafumu a Achewa a mayiko atatuwa amakakumana ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, magule kuchokera ku Dedza, ku Tete, ku Chipata kuvina pa bwalo limodzi. Mu 2007 mapulezidenti onse atatu analipo, Mwanawasa, Bingu ndi Guebuza. Palibe khonsolo inayambitsa zimenezi, ubalewo unalipo kale m'magazi ndi m'chiyankhulo, boma linangobwera kudzakhala pa mpando wa alendo. Ndiye muone kusiyana kwake, ku Ulaya anayamba ndi pepala kuti apange ubale, kuno ubale ulipo koma pepala ndi thiransipoti ndi zomwe zikusowa.

Tsopano tibwere kwathu. Mangochi tikati tifune mzinda wopalana nawo ubale, maganizo a ambiri amathamangira ku Ulaya kapena ku China chifukwa kumeneko nkomwe kungachokere ambulansi kapena galimoto yotola zinyalala, ndipo sindikunyoza zimenezo, zinyalala za pamsika tonse timaziona. Koma pa zachikhalidwe abale athu enieni ali pafupi kwambiri moti ena mwa iwo tinakwatirana nawo.

Kwerani minibasi pa depoti, muoloke mlatho wa Bakili Muluzi, mukwere mapiri a Chowe, mudutse Namwera mufike pa Chiponde, kutsidya kwake ndi Mandimba, Mozambique imeneyo, ndipo msewu womwewo ukukafika ku Lichinga likulu la chigawo cha Niassa. Ine ndinapitako ku ukwati wa msuweni wanga mbali ya Mandimba zaka zingapo zapitazo, ndipo chomwe chinandikhudza n'chakuti nditangodutsa pachipata zikwangwani zinasintha kukhala za Chipwitikizi, ndalama zinasintha kukhala metikashi, koma amayi atayamba kuimba usiku nyimbo zake zinali zomwezija agogo anga aakazi ankaimba akusinja, Chiyao chomwecho, kuomba m'manja komweko, mpunga wake kaphikidwe komweko. Mayi wina wachikulire anandigwira dzanja nkundifunsa kuti ndine wa kwa yani, nditatchula mudzi wa agogo anayamba kunditchulira mayina a anthu omwe ine ndimangowamva m'nkhani za maliro. Ayao kwawo kwenikweni ndi ku mapiri a pakati pa mitsinje ya Lujenda ndi Rovuma ku Mozambique komweko, kwa Mataka ku Mwembe, ndipo anabwera kuno m'zaka za m'ma 1800, ena anapita kumpoto ku Tanzania madera a Tunduru ndi Masasi. Jando, nsondo, manganje, likwata, sikiri wa m'mizikiti, zonsezi zili mbali zitatu za malire. Bungwe la Chiwanja cha Ayao lilipo ndipo likuyesetsa kusonkhanitsa anthu pa zachikhalidwe, koma taganizani makhonsolo a Mangochi, Mandimba ndi Lichinga atagwirizana kuti chaka chino magule akumana kuno, chaka chamawa uko, mmene Achewa amachitira ku Mkaika.

Ndiye pali nyanja. Kutsidya ku Metangula ndi ku Cobue anthu amayankhula Chinyanja, ndipo mishoni ya Anglican ya UMCA inkayendetsa mbali zonse ngati dera limodzi, Likoma, Malindi, Mponda's ndi midzi ya kugombe la Mozambique, sitima ya Chauncy Maples yomwe inayamba kuyenda mu 1901 ndi yomwe inkawalumikiza, inali tchalitchi, sukulu komanso chipatala choyandama. Nyimbo za m'makwaya a kugombe lonseli zili pachibale chifukwa cha zimenezo.

Pitaninso pa raundabauti pafupi ndi mlatho pomwe pali nsanja ya wotchi ya Queen Victoria, pomwe anyamata a kabaza amadikirira makasitomala. Ambiri timangodutsa. Pambali pake pali mfuti yaikulu yomwe inali pa sitima ya Angerezi ya Guendolen, ndipo sitima imeneyi mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pa doko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania, ndipo anthu a mbiri amati imeneyi ndi imodzi mwa nkhondo zoyambirira zenizeni za pamadzi pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Ndiye kuti Mangochi ndi Liuli ali ndi nkhani imodzi, theka lili kuno theka lili uko, mfuti ili kuno doko lili uko. Ndinafunsapo mnyamata wina wa kabaza pomwepo ngati amadziwa za mfutiyo, anandiyankha mwaulemu kuti "achimwene, timangomva kuti ndi ya azungu akale," ndipo sindinamuone wolakwa, palibe anamuuzapo, chonsecho Lake Malawi Museum ili chapafupi pomwepo m'nyumba yakale ya Gymkhana Club. Inde tili ndi mkangano ndi Tanzania pa za malire a nyanja, wochokera ku pangano la Angerezi ndi Ajeremani la 1890, koma mwaona kale kuti ubale wa mizinda unabadwira pa malo ngati amenewa, pomwe maboma sakumvana.

Palinso mbiri yowawa yomwe sitingaithawe. Tauni ino inayamba ngati Fort Johnston mu 1891, mkulu wa atsamunda a Chingerezi Harry Johnston anaika linga pano dala chifukwa apa, kwa Mponda pomwe Shire amatuluka m'nyanja, ndi pomwe pankaolokera magulu a amalonda a minyanga ndi akapolo kupita kugombe la nyanja ya mchere, ku Kilwa mpaka ku Zanzibar. Anthu ambiri ochokera kuno anathera kumeneko, zidzukulu zawo zilipo mpaka lero, ena mpaka amadzitchulabe kuti ndi Anyasa kapena Ayao. Njira yomweyo ndi yomwe inatibweretsera Chisilamu, mawu a Chiswahili omwe ali mbwee m'Chiyao, kavalidwe ka mikanjo ndi zikofiya, mabwato a matanga. Kilwa ndi Zanzibar onse ali pa mndandanda wa UNESCO wa malo a mbiri, ife tili ndi Lake Malawi National Park ku Cape Maclear yomwe inalowa mu 1984. Ubale wa Mangochi ndi Kilwa sungakhale wa magule okha, ungafune kuti tikhale pansi tikambe zoona zake, kuti ena mwa makolo athu anagulitsidwa ndipo ena mwa makolo athu ndi omwe ankagulitsa, ndipo ine ndikuona kuti ana athu akuyenera kumva nkhaniyi kuchokera kwa ife, ali chiimire pa gombe pomwe zinachitikira.

Tibwerere ku beni uja, chifukwa iyeyu ndi chitsanzo chabwino kwambiri cha luso lomwe matauni ambiri amagawana. Dzina lakelo linachokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza gulu la oimba malipenga a asilikali. Anayambira m'matauni a Aswahili kugombe, ku Mombasa, ku Lamu ndi ena, cha m'ma 1890, anyamata akutsanzira perete wa asilikali a atsamunda, ndi maudindo omwe, wina jenerali wina kaputeni wina sajeni, magulu kumapikisana tauni ndi tauni. Nkhondo ya 1914 itatha asilikali ndi amtengatenga obwerera kwawo anamufalitsa kumtunda konse. Kuno anakhazikika pakati pa Ayao, ku Nkhata Bay ndi ku Likoma kuli malipenga, kwina kuli mganda, ku migodi ya ku Zambia kunabadwa kalela, onsewa ndi a banja limodzi. Ndipo chosangalatsa n'chakuti magulu a beni akale aja anali kale ndi nthambi m'matauni osiyanasiyana, ankalemberana makalata, ankayenderana, ndiye kuti ubale wa mizinda pa zaluso anyamata osauka a m'ma 1920 anaupanga okha popanda meya.

Nanga chimalepheretsa n'chiyani lero? Choyamba ndi ndalama, palibe chobisa. Makhonsolo athu pansi pa lamulo la maboma ang'ono la 1998 ali ndi mphamvu zambiri pa pepala koma ndalama zomwe amatolera m'misika ndi m'malayisensi zimathera ku malipiro, mafuta ndi zinyalala, ndipo boma la Mangochi lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, onsewa akufuna mijigo, milatho, midadada ya sukulu, ndiye khansala woti aime nkunena kuti tiike ndalama za magule amaoneka ngati sakudziwa mavuto a anthu. Chachiwiri ndi mapepala oyendera, gulu la beni lingakhale anthu 20 kapena 30, ambiri alibe pasipoti ndipo mtengo wake ndi woposa zomwe msodzi wamba angapeze pa miyezi ingapo, boda pasi imathandiza pofika pafupi pokha, Lichinga kaya Kilwa ndi nkhani ina. Ng'oma nazonso ndi zikopa za nyama, pamalire ena amafunsa mapepala ake. Izi ndi zinthu zomwe pangano la makhonsolo lingathe kufewetsa ngati olembawo anakhalapo pansi ndi ovina nkuwafunsa.

Chachitatu ndi chomwe chimandipweteka kwambiri. Nthawi zambiri ubale ukapalidwa omwe amakwera ndege ndi akuluakulu a maofesi, maalawansi ali m'thumba, akafika uko amaonetsa vidiyo ya magule athu pa laputopu, eni gule ali kumudzi sakudziwa n'komwe kuti nkhope zawo zafika ku Ulaya. Ndipo alendo akabwera kuno ovina amaitanidwa kudzawalandira, amafika 8 koloko m'mawa, amadikira padzuwa la Mangochi lomwe mukulidziwa mpaka 2 koloko, amavina mphindi 10, nkupatsidwa botolo la zakumwa ndi kandalama koti sikakwana ngakhale sopo wochapira mayunifomu. Malume anga anali woimba ng'oma ndipo ndinawaperekezapo kamodzi ku loji ina kugombe komwe anaitanidwa kukasangalatsa alendo a msonkhano, sindiitchula dzina. Anavina bwino kwambiri usiku umenewo, alendo anajambula ndi mafoni mpaka ena kulowa m'bwalo, koma pobwerera tinayenda wapansi mtunda wautali mumdima ng'oma zili pamutu chifukwa galimoto yomwe inawatenga inali itapita kukasiya mabwana. Malume sanayankhule njira yonse, tikuyandikira kunyumba anangoti "mphwanga, ng'oma ikamalira amaitamanda, ikatha kulira ndi katundu." Chaka chotsatira anakana kupitanso.

Mafesitivo akuluakulu tawaonapo kuno, Lake of Stars yomwe Will Jameson anayambitsa mu 2004 ku Chintheche inachitikapo kangapo ku Nkopola, anthu ochokera ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Johannesburg, ku London anadzaza gombe, malo ogona anatha, ogulitsa chambo chowotcha, a kabaza, amayi a mandasi, oluka zipewa ndi timagalimoto ta mlaza m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay onse anapezako kenakake, ndipo oimba athu ena anadziwika kunja kudzera pa siteji imeneyo. Zimenezo ndi zabwino ndipo ndimazifunira zabwino. Koma fesitivo yotere ndi ya eni ake, ikhoza kusamukira kwina chaka chilichonse ndipo inasamukadi, komanso mtengo wa tikiti umapangitsa kuti mwana wa m'mudzi woyandikana nawo azimvera nyimbo kunja kwa mpanda. Ndi dandaulo lomwe lija la ku Glasgow. Pulogalamu ya mizinda imasiyana pamenepa, mwini wake amakhala tauniyo, siingasamuke, ndipo ngati yakonzedwa bwino bwalo lake limakhala la ulere. Tumaini Festival ku Dzaleka, yomwe Menes La Plume anayambitsa mu 2014, inaonetsa kuti zolowa ulere zimatheka, anthu a ku Congo, ku Burundi, ku Rwanda ndi Amalawi kumavina limodzi mkati mwa kampu ya othawa kwawo, alendo kumagona m'nyumba za anthu momwemo nkumalipira eni nyumbawo.

Palinso nkhani yofunika kusamala nayo, yoti si chilichonse cha chikhalidwe chomwe chingakwere pa siteji. Za kusimba ndi za kundagala zili ndi eni ake, anakanga ndi angaliba, ndipo pali nyimbo zomwe siziimbidwa pagulu. Sikiri kwa ambiri ndi pemphero, ndipo Asilamu eni ake amasiyana maganizo pa za iye, ndiye munthu wa ku ofesi sangangolemba pa pulogalamu kuti 3 koloko sikiri ngati mmene angalembere mpira. Achewa anakumana nazo zomwezi ndi Gule Wamkulu, kuti chilombo chikavina pa msonkhano wa ndale kapena pa hotela chimakhalabe chilombo kapena chasanduka sewero. Malo ngati Kungoni ku Mua, omwe bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, anatenga zaka zambiri akukhala ndi eni miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao asanaike zinthu m'nyumba yoonetsera. Ndiye mafumu, mashehe, abusa ndi atsogoleri a magule ayenera kukhalapo kuyambira tsiku loyamba lokambirana, osati kuitanidwa pa tsiku lotsegulira kuti adzadalitse zomwe ena anamaliza kale.

Ine ndikanakhala ndi mawu ku khonsolo sindikanayamba ndi kulota za UNESCO, ngakhale ntchito zamanja za kuno, mipando yoluka, mikeka, mbiya za ku Malindi, mabwato osema, zikhoza kudzatifikitsa kumeneko tsiku lina. Ndikanayamba ndi Mandimba chifukwa ndi pafupi, lole imodzi ikwana, chiyankhulo chomasulira sichikufunika. Loweruka limodzi m'chilimwe, anthu atakolola, misewu ili youma, magulu anayi a kuno anayi a uko, pa bwalo la sukulu ku Chiponde kapena ku Namwera, malipiro a gulu lililonse olembedwa poyera pa pepala lomwe atsogoleri a magule asayinira okha, chakudya chophikidwa ndi amayi a m'mudzi momwemo ogulidwa ndi ndalama za pulogalamu, wailesi za m'dera kuulutsa m'Chiyao ndi m'Chichewa, ana asukulu kujambula ndi mafoni nkufunsa agogo tanthauzo la nyimbo iliyonse, zojambulazo kope imodzi ku miyuziyamu kuno ina kutsidya. Chaka chachiwiri ife ndi omwe tikuoloka. Zikayenda zaka zitatu osadumpha, apo mpomwe mameya angasayinirane pepala, ndipo Lichinga, Metangula, Liuli ndi Kilwa angalowe mmodzimmodzi.

Sabata yatha ndinabwereranso kuseri kwa msika kuja ndipo ndinacheza ndi wotsogolera beni uja atamaliza, thukuta lili chuchuchu, akupinda malaya ake a khaki mosamala kuwaika mu jumbo. Ndinamuuza kuti gule wakeyu anachokera ku Mombasa ndipo ku Zambia kuli mbale wake wotchedwa kalela. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati agogo ake ankanena kuti nyimbo ina yomwe amaimba poyamba perete mawu ake si Chiyao chenicheni, ndi Chiswahili chopindika, ndipo palibe m'gulu lawo amene amadziwa tanthauzo lake. Anandiimbira mizere iwiri, ndinaijambula pa foni, ndipo ndaitumiza kwa mnzanga wina woyendetsa thiraki yemwe amapita ku Dar es Salaam kuti akafunse achikulire a kumeneko. Akubwera Lachinayi.